Kadontho Kofiira pa Khoma la Fakitale ya Ayezi

Aliyense amene anagulapo nsomba padoko lathu kuno ku Mumbai akumudziwa Manjula Tandel. Ngati nkhope simunaione, mawu okha munawamva, chifukwa mayi ameneyu akakuwa dzina la nsomba yake kuti "Papleti! Papleti wa lero!" akhwangwala a padenga amabalalika. Malo ake ndi achitatu kuchokera pachipata, pomwe ankakhala mayi ake. Anayamba kupala nsomba ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, sukulu n'kuisiyira panjira, koma mumuikire nsomba pachikhatho, akuuzani kulemera kwake sikelo isanakhazikike. Tsiku lina bambo wina wa tayi m'khosi anayerekeza kunena kuti nsomba zake zinali zadzulo. Manjula ananyamula imodzi n'kumuyandikizira pamphuno.

"Tayang'anani maso akewa, bambo. Adzulo ndi anuwo."

Anagula ziwiri munthu uja, ndipo mpaka lero amabwera.

Manjula anakwatiwa ndi Moreshwar, msodzi wamtali, wofatsa, woti mawu ake a tsiku lathunthu mukanawawerenga ndi zala. Anabereka mwana mmodzi yekha, Rupali, amene tsopano amagulitsa m'sitolo ya mankhwala. Nsomba zitayamba kusowa kufupi ndi mzinda, Moreshwar anapita kumpoto, ku Gujarat, kukalembedwa ntchito pa maboti akuluakulu opita kutali. Zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo boti lawo linadumpha malire a pamadzi, malire oti palibe anawaonapo ndi maso, ndipo asilikali a dziko loyandikana nafe anawagwira onse. Patatha chaka kunabwera kalata imodzi: "Ndili moyo. Chifuwa chokha ndiye chikuvuta. Ukonde wanga musagulitse." Kuchokera pamenepo, zii. Akamamasula asodzi, Manjula amatenga Rupali kupita ku ofesi kukawerenga mndandanda wa maina. Dzina la Moreshwar silipezeka pa omasulidwa. Silipezekanso pa omwalira.

Chaka chachisanu azilamu ake anabwera ndi nkhope zakugwa, ati tichite mwambo wa maliro, mzimu wa m'bale wathu upumule. Manjula anawakhuthulira madzi otsukira nsomba, beseni lonse. Nkhani imeneyo sanabwere nayonso.

M'mawa uliwonse, asanagwire dengu, amaima pakalilole, kupaka kaphula pachipumi, n'kudinda kunku, ufa wofiira uja wa akazi apabanja. Ena amaika kadontho kochita kufufuza. Kake n'kakakulu ngati ndalama yachitsulo, kofiira psuu, koonekera kuchipata. M'mikono mumalira zibangili zobiriwira. Kwathu zinthu ziwirizi zimachoka tsiku limodzi lokha, tsiku limene akazi anzako abwera kudzakupukuta chipumi ndi kuphwanya zibangili chifukwa mwamuna wako wamwalira.

Ndiye kunabwera ojambula. Linali bungwe lina la anthu ophunzira, ati makoma a padoko ndi onyansa, tiwakongoletse ndi zithunzi. Ife tinati kongoletsani, koma fungo lokha ndiye simulitha. Mnyamata wina wa ku Bengaluru, tsitsi atalimanga kamfundo pamutu, anazungulira msika ndi kamera n'kudzaima pa Manjula. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa lili paliwombo, ndipo mayiyo anali atangotsitsa mabokosi a nsomba mugalimoto. Thukuta linali litatsuka chipumi chonse. Mikono anali ataikulunga nsanza mpaka m'zigongono, monga timachitira tonse kuti ayezi ndi minga zisatidule, zibangili zili m'kati.

"Mavshi, ndikujambuleni?" anatero, monga achinyamata amaitanira mayi aliyense wa msinkhu wa azakhali awo.

"Jambula, koma uchotsepo zaka khumi."

Anatha masabata awiri atapachikika pakhoma la fakitale ya ayezi, atatchinga ndi chilona. Tsiku lochotsa lonayo tinasonkhana tonse. Ha! Anali Manjula weniweni, kuchokera pansi mpaka kudenga, dengu pamutu, maso aja oopseza ogula, ngakhale kachipsera ka pachibwano. Tinaomba m'manja. Kenako m'manjamo munayamba kuzima mmodzimmodzi. Chipumi chinali pululu, chopanda kanthu. Mikono inali nsanza zokhazokha.

Mnyamatayo anali atakwera kale sitima kubwerera kwawo. Sanachite dala, anajambula zimene kamera inaona. Komabe, abale, munthu wobadwira m'dziko lino ungajambule mayi wa msinkhu umenewo chipumi chili choncho osafunsa? Ine zimandipsetsa mtima mpaka lero.

Manjula anapita ku ofesi ya bungwe lija katatu. Ulendo woyamba anamuuza kuti chithunzi ndi ntchito ya mmisiri, sangachikhudze popanda chilolezo chake, alembe kalata. Rupali analemba. Ulendo wachiwiri anati kalatayo akuiona akuluakulu. Wachitatu anamupatsa tiyi.

Posakhalitsa kunayamba kubwera alendo, m'magulumagulu, kutsatira mnyamata wa ambulera yachikasu. Ulendo wawo unkayambira ku nyumba yoonetsera nsomba zamoyo ya m'mphepete mwa nyanja, n'kudzathera pa makoma athu chakumadzulo, ambiri a ife titaweruka. Zimene ankawauza sitinkazidziwa. Tinadzazimva kudzera ku ukwati.

Rupali anali atapeza mwamuna, Tushar, mnyamata wa ku Versova. Kutatsala masiku owerengeka kuti ukwati uchitike, mayi ake a Tushar, Vatsala Nakhwa, anafika kunyumba kwa Manjula foni ili m'manja. Vatsala ndi mayi wodekha, wa banja la maboti awiri, wosayankhula asanaganize. Pafonipo panali chithunzi cha khoma lija, m'munsi mwake atalemba kuti "Mkazi wamasiye wa padoko." Abale ake onse anali atatumizirana.

"Manjula-tai, achemwali anga, ine sindinabwere kudzayambana nanu," anatero Vatsala. "Koma chikasu chikamachoka kwathu Lachiwiri, chiyenera kulandiridwa ndi mkazi woti mwamuna wake ali moyo. Mukudziwa nokha. Apongozi anga akuti alandire azakhali a mwanayu. Inu mudzakhale chakumbuyo."

Chikasu chimenechi ndi chija amadzoza mkwati, chotsalacho n'kupita nacho kwa mkwatibwi. Mayi wa mtsikana amachilandira pakhomo, ndipo dzanja lake ndi loyamba kupaka mwana wake patsaya. Wamasiye sayandikira, amaonera pazenera. Manjula anali ndi mwana mmodzi yekhayo, ndipo tsiku limeneli analidikira chibadwire cha Rupali.

"Mwamuna wanga ali moyo," anatero.

"Wamuona ndani, tai?"

"Nanga mtembo wake wauona ndani?"

Vatsala anagwetsa maso. "Mzinda wonse ukuona khoma lija. Anthu akuti munalola nokha kuti akujambuleni choncho, ndiye kuti munavomereza. Akutinso woperekeza alendo amafotokoza nkhani yonse ya imfa yawo."

Manjula mtima unamuwawa kwambiri. Anayang'ana ukonde wa Moreshwar, uja wapachikidwa paphaso zaka zonsezi.

"Lamlungu muvale sari yanu yabwino," anatero. "Tikaone nsomba. Nkhani ya imfayo tikaimve ndi makutu athu tonse awiri."

Lamlungu ndi tsiku limene nsomba zimayenda malonda, ndipo Manjula anali asanajombepo Lamlungu chikwatidwire. Malo ake anasiyira Gulab, mnansi wake wa pamsika, amene akhala akutukwanizana naye zaka makumi atatu n'kumadyera mbale imodzi.

"Ukandibera ogula anga ndidzadziwa," anamuchenjeza.

"Ogula ako ndiwatani ine? Onse ndi ogontha, unawaphulitsa makutu."

Asanatuluke m'nyumba anadzaza kankhokwe kake kamkuwa ka kunku mpaka pakamwa, natenganso kabotolo ka mafuta a kokonati, zonse n'kuzifunyira m'chiuno. Anavala sari yobiriwira, ndolo yagolide pamphuno, zibangili mpaka pakati pa mkono.

Pakhomo pa nyumba ya nsomba anapeza gulu la anthu pafupifupi makumi awiri, mabanja ndi ana awo, ndi azungu awiri ofiira ndi dzuwa. Woperekeza alendo uja dzina lake linali Omkar, mnyamata waulemu, wa magalasi, wotuluka kumene ku koleji, kachimkuzamawu atamangirira m'chiuno. Anamata kapepala kachikasu paphewa la aliyense kuti asasochere. Atafika pa Manjula anamwetulira.

"Takulandirani, Mavshi. Ndi koyamba?"

Manjula anamuyang'ana m'maso momwemo, kudikira. Miyezi itatu mnyamatayu wakhala akuloza nkhope yomweyi ndi ambulera tsiku ndi tsiku. Koma ayi ndithu, anamata kapepala n'kupitirira.

"Ndi koyamba," anayankha kumbuyo kwake. "Zaka makumi asanu ndi ziwiri anthu akhala akundilipira kuti aone nsomba. Lero ndalipira ine."

M'kati munali kamdima ndi kozizira, magalasi aakulu mbali zonse, madzi obiriwira kuseri kwake. Manjula analowa ali wokonzeka kunyoza, koma galasi loyamba linamutseka pakamwa. Nsomba zimene wakhala akuzigoneka cham'mbali pathabwa moyo wake wonse, apa zinali chiimirire, zikuyenda pang'onopang'ono, zikutembenuka zonse pamodzi, kukamwa kukutseguka n'kutsekeka. Anaima nthawi ndithu, mphuno pafupi ndi galasi.

"Kani zimayenda chonchi," ananong'ona.

Koma Manjula ndi Manjula, sanakhalitse chete. Omkar ankawerenga maina ataliatali a m'mabuku pa zikwangwani, iye pambuyo pake n'kumawonjezera zake.

"Iyo ndi minga yokhayokha, musataye nayo mafuta. Iyi ndi yokazinga. Iyo yamizeremizereyo ngakhale mphaka amakana."

Ana anayamba kumutsatira iyeyo. Pa galasi la chinsomba chophwatalala cha mchira wautali, Omkar anati n'chofatsa. Manjula anakweza sari pang'ono n'kuonetsa chipsera pamwendo.

"Chofatsa? Uchiponde uone. Munga wake uli apo, patsinde pa mchira. Ndinagona nawo mwezi."

"Mavshi akudziwa zinthu!" anaseka Omkar. "Andilanda ntchito awa."

Chakumapeto kunali galasi laling'ono, m'kati mwake mchenga wokhawokha ndi mwala umodzi. Omkar sanaime n'komwe.

"Umu mulibe kanthu," anatero akuyenda. "Pachikwangwani alemba kuti muli nsomba, koma ine miyezi itatu sindinaionepo. Iyenera kuti inafa kalekale, angoiwala kuchotsa chikwangwanicho. Tiyeni, basi ikutidikira."

Gulu linatsatira ambulera. Manjula anatsala, nawerama, manja m'mawondo. Vatsala anamukoka sari.

"Tai, atisiya."

"Taimani. Bwerani kuno. Mukuona tinthu tiwiri totukuka ito, pafupi ndi mwalawo?"

"Ndi mchenga umenewo."

"Mchenga umapuma? Tayang'anitsitsani."

Vatsala anawerama. Mchenga unali kukwera n'kutsika pang'onopang'ono, pamalo aakulu ngati chikhatho. Manjula anatambasula nsonga ya sari yake pamwamba, mthunzi unagwera m'madzi, ndipo mchengawo unagwedezeka n'kufumbuka. Inatuluka nsomba yopyapyala, ya mtundu wa mchenga womwewo, maso onse awiri mbali imodzi, inayenda pang'ono n'kudzikwiriranso.

"Iwe wa ambulera!" Mawu a pamsika aja anadzaza nyumba yonse, mlonda mpaka anadzuka pampando. "Bwerera kuno! Ilimo iyi. Wati yafa chifukwa iweyo sunaione?"

Omkar anabwerera, ana ali patsogolo. Anaona, nachita manyazi pang'ono, n'kupepesa mosekerera. Vatsala sanaseke nawo.

Basi itakhota kulowera kudoko, ndi pomwe Vatsala anafunsa, motsitsa mawu, akuyang'ana pazenera.

"Nanga bambo a Rupali akapanda kubwera, tai?"

"Andibweretsere mtembo ndiuone. Ndidzapukuta ndekha ndi dzanja ili, zibangili ndidzaphwanya ndekha. Koma osati pepala, osati khoma, osati apongozi anu."

Anatsika pachipata chathu dzuwa litapendeka. Msika unali utayamba kutha, koma ena tinalipo, tikutsuka mathabwa. Tinangoona ambulera yachikasu, pambuyo pake azungu, pambuyo pa azungu Manjula Tandel, kapepala paphewa, akuyenda mwaulemu ngati sanapondepo matumbo a nsomba.

"Akazi inu, taonani!" anakuwa Gulab. "Kwabwera mlendo wochokera ku Ulaya! Dona, mugula papleti? Musaponde apo dona, muterereka!"

Manjula anangomuponyera diso n'kupitirira. Pamenepo tinadziwa kuti lero kuli nkhani, ndipo tinasiya mabeseni n'kutsatira chapatali.

Omkar anawaonetsa khoma la boti lofiira, khoma la manja awiri okoka ukonde, khoma la mphaka wamkulu woba nsomba, limene ife timalikonda kuposa onse chifukwa mphakayo timamudziwa. Alendo ankajambula ndi mafoni, mipango pamphuno. Pomaliza anaima pafakitale ya ayezi, natsokomola pang'ono, natsitsa mawu.

"Ichi ndiye chithunzi chimene chimaliza anthu. Mayi ameneyu mwamuna wake anali msodzi. Tsiku lina kunabwera namondwe, boti linatembenuzika iye akuona ali pagombe. Taonani chipumi chake, palibe kadontho kofiira. Taonani mikono yake, palibe zibangili. Kwa ife zimenezi zikutanthauza kuti ndi wamasiye. Komabe m'mawa uliwonse amasenza dengu, maso ali kunyanja imene inamulanda mwamuna."

Mayi wina m'gulumo anapukuta misozi. Azungu aja, atawamasulira, anagwedeza mitu. Kunena zoona anaifotokoza bwino mwana uja, ndikanakhala mlendo ndikanalira nanenso.

"Dzina lake ndani mayiyo?" anafunsa Manjula.

"Dzina silikudziwika, Mavshi."

"Nanga mwamunayo?"

"Nayenso, pepani."

"Namondweyo anali wa chaka chiti?"

Omkar anakonza magalasi. "Ndi kalekale ndithu."

"Anakuuza ndani?"

"Mavshi, chithunzi chikunena chokha. Alendo ankandifunsa kuti ameneyu ndani, ndiye ine ndinangoona chipumicho, zinazo n'kulumikiza."

"Iwe mwana wa sukulu," anatero Gulab kumbuyo, manja m'chiuno, "magalasiwo ndi a fasho? Tayang'ana khomalo, uyang'anenso mayi amene ukuyankhula nayeyo."

Omkar anayang'ana kumwamba, anayang'ana pansi. Anaona maso, anaona kachipsera ka pachibwano. Ambulera inatsika pang'onopang'ono mpaka inagunda pansi.

"Wandiphera mwamuna kangati?" anafunsa Manjula. "Kamodzi patsiku, miyezi itatu? Nyanja inamuleka, asilikali anamuleka, wadzamumaliza iwe ndi ambulera?"

"Mavshi, ndikhululukireni. Sindinadziwe. Ndikauza a ku ofesi mawa lomwe, alembera kalata wojambula uja..."

"Kalata!" Manjula anaseka kuseka kopanda mano. Anatembenuka. Pafupi ndi khomalo panaima lole yonyamula ayezi, dalaivala wake Ramdhari ali m'kati, miyendo pachiwongolero. "Ramdhari! Sendeza galimoto yako igunde khoma."

"Tai, abwana akandiona..."

"Abwana ako amagula nsomba kwa ndani? Sendeza!"

Anasendeza. Mlonda wa fakitale anabwera akuthamanga, ati n'zoletsedwa, chithunzi ndi cha bungwe. Akazi asanu a pamsika anangoima patsogolo pake, ena mipeni idakali m'manja poti anali asanatsuke. Mlonda anakumbukira kuti wasiya chipata chosatseka.

Sari yathu ya akazi a padoko timaipisa pakati pa miyendo n'kuifunyira kumbuyo, ndiye kukwera sikuvuta. Chovuta chinali mawondo. Manjula anaponda tayala, nagwira chitseko, bondo linalira kuti thee, anaima kaye. Anapondanso pagalasi, Ramdhari akudandaula m'kati, nakwawa ndi mimba mpaka padenga la lole. Patapata mmodzi anagwa pansi. Denga linali lotentha, ayezi ali pansi pakepo osathandiza kanthu. Anaimirira pang'onopang'ono, dzanja limodzi litagwira khoma, n'kupezeka ali maso ndi maso ndi nkhope yake yomwe, diso lililonse lalikulu ngati mbale.

Ali pamwambapo anaona nyanja kuseri kwa madenga, yotuwa, yopanda malire. Mantha anamugwira, osati a kugwa. Zoona zake n'zakuti Manjula sankadziwa ngati Moreshwar ali moyo. Chifuwa chija cha m'kalata chinkamubwerera m'maganizo tsiku lililonse, ndipo sanauzepo munthu, ngakhale Rupali. Anamusowa mwamuna wake koopsa. Anapumira m'mwamba, natulutsa kankhokwe kaja.

Anathira ufa pachikhatho, nadonthezera mafuta, nakanda ndi chala. Ananyanyamphira, mkono kutambasula mpaka phewa kuwawa, n'kufika pakati pa nsidze. Ufa umenewo ukanamukwanira chaka chathunthu pachipumi chake, koma chipumi cha pakhoma n'chachikulu ngati chitseko, ndipo khoma linkamwa. Anapaka, nathiranso, napakanso, akuzunguliza chikhatho kuti kadontho kakhale kobulungira monga amachitira pakalilole. Sanafune kokhota. Anagogoda kankhokwe pachikhatho mpaka fumbi lomaliza.

Atachotsa dzanja, pakhoma panali kadontho kofiira psuu, koonekera kuchipata. Nkhope ija inasintha. Akazi a pamsika anaimba nthungululu zawo, Gulab akumenya beseni ndi mpeni.

"Iwe wa ambulera!" anakuwa Manjula ali pamwamba pomwepo. "Tsegula makutu, suzilumikizanso wekha. Mayi uyu ndi Manjula Tandel, malo achitatu kuchokera pachipata. Mwamuna wake ndi Moreshwar Tandel. Anagwidwa pamalire a pamadzi, ali m'ndende kutsidya, ndipo akudikiridwa. Zibangili zili m'kati mwa nsanzazo. Tanena ndimve!"

Omkar ananena.

"Kachimkuzamawuko unagulira chiyani? Mokweza!"

Ananenanso, dzina la Moreshwar linamveka doko lonse, kenako anawamasulira azungu aja popanda womuuza.

"Mvula ya Juni idzachotsa zimenezo, Mavshi," anatero pambuyo pake, mwamantha.

"Juni lole sidzakhalapo?"

Kutsika kunavuta kuposa kukwera. Ramdhari ndi Gulab anamulandira, mmodzi mwendo uwu wina uwo. Anafika pansi akupuma mwawefuwefu, thukuta lili kamukamu, likulowa m'maso, ndipo mosaganiza anakoka nsonga ya sari n'kupukuta nkhope yonse.

Beseni la Gulab linasiya kulira.

Manjula anadziwa ndi maso a anzake. Anayang'ana nsonga ya sari, inali yofiira. Anagwira pachipumi ndi kuseri kwa dzanja, panalibe kanthu. Anatsegula kankhokwe, munali mbee. Anaima pakati pa doko, pamaso pa alendo ndi mafoni awo, pamaso pa mayi a mkamwini wake, chipumi chili pululu monga momwe chinalili cha pakhoma chija. Anakweza chikhatho chake chija, chofiira ndi ufa wosakanikirana ndi mwaye wa pakhoma, kuti adzipake chomwecho.

Wina anamugwira pamkono, zibangili zinalira. Anali Vatsala.

"Asa! Zadothi zimenezo pachipumi? Taimani bwino."

Vatsala anapereka chikwama chake kwa Omkar kuti agwire, osamuyang'ana n'komwe. Ndi nsonga ya sari yake yabwino ija anaumitsa chipumi cha Manjula. Kenako anadinda chala chachikulu pa kunku wa pachipumi chake, nachotsako pafupifupi theka, n'kudinda pakati pa nsidze za mnzakeyo, akuzunguliza pang'onopang'ono. Kwathu mkazi wapabanja amachita zimenezi kwa mkazi wapabanja mnzake basi, ndipo aliyense amene anaima pamenepo ankadziwa.

"Kachepa," anatero Vatsala atabwerera m'mbuyo kuti aone bwino. "Kanu kamakhala kakakulu. Mukawonjezere kunyumba."

Misozi inatsika m'masaya mwa Manjula.

"Chikasu ndidzabwera nacho ndekha Lachiwiri," anatero Vatsala, akutola patapata uja n'kumuikira paphazi. "Apongozi anga ndikayankhula nawo ine. Inu mudzandilandire pakhomo."